Si ovota onse amene amalola boma kumvetsera mafoni awo

Ndatopa nako kumva nkhani yakalekale yakuti ovota amavomereza lamulo lililonse lolola boma kumvetsera mafoni ndi kuwerenga mauthenga awo, bola litchule zothana ndi uchigawenga. Sizili choncho ayi.

Anthu amavomera mwaunyinji zigawenga zikangochita chiwembu, koma mantha akazilala ena amabweza mawu. Pa kafukufuku wa maganizo a anthu, kafunsidwe nako kamasintha mayankho, ndipo apa ndi pamene ambiri timapusitsika. Funsani zolondalonda munthu woganiziridwa khoti litaloleza, ambiri avomera. Nenani kuti mauthenga a aliyense azisungidwa, ngakhale a wosalakwa, ovomera amachepa.

Wina akakutumizirani chiwerengero cha anthu ovomereza lamulo lotere, musathamangire kugawira anzanu. Pezani kaye funso lenilenilo, muone kuti anafunsa anthu angati, liti, komanso analipira kafukufukuyo ndani.