Musaboole tebulo musanayeze mutu wa makina

Kodi ndinene kangati kuti tebulo la makina osokera a m'fakitale si lodyerapo? Munthu agula mutu wa makina wopanda tebulo, n'kupita kwa kalipentala amene sanaonepo kunsi kwa makina otere. Iye ayeza ndi maso, aboola thabwa, akhoma miyendo ndi misomali. Pakatha miyezi ingapo lamba wadyeka mbali imodzi, tebulo likunjenjemera, mwini wake akudandaula kuti anamugulitsa makina akutha. Chonsecho vuto ndi pamene makinawo akhala.

Mwachitsanzo, mutu wa makina otchedwa Juki DDL-8700 umalemera makilogalamu 28, ndipo singano yake imatha kubaya ka 5,500 pa mphindi imodzi. Kunsi kumalendewera mota. Katundu yenseyu amanyamulidwa ndi thabwa lomwe lili ndi chibowo pakati, n'chifukwa chake matebulo a kufakitale amakhala ochindikala pafupifupi masentimita 4, otalika 120, mulifupi 55 kapena kuposerapo pang'ono. Popanga nokha, matani ndi guluu mapulaiwudi awiri a mamilimita 18, muwapane usiku wonse, pamwamba muike Formica kuti nsalu iziterereka. Chipboard musiyeni: akamwa oyilo amafufuma, mabauti n'kuyamba kulowa m'thabwa. Thabwa losauma bwino nalo limapindika.

Bowo ndiye pagona nkhani. Phazi la mutu wa makina ndatchulawa, ndiye kuti chitsulo chafulati chomwe nsalu imadutsapo posoka, ndi mamilimita 476 kwa 178, koma makina ena, monga osokera zikopa, ali ndi miyeso yawo. Opanga makina amapereka chojambula choonetsa miyeso ya tebulo. Ngati mulibe, ikani mbale ya oyilo, yomwe imakhala kunsi kwa mutu, pa katoni, mujambule mozungulira, mudule katoniyo ndi kuiyesa pa mutu weniweniwo musanakhudze thabwa. Ndipo bowolo silidulidwa mpaka pansi paliponse. M'ngodya zonse zinayi mumasiya timapewa tathabwa, tosemedwa motsika, pomwe pamakhala mbale ya oyilo ndi malabala. Mutu umakhala pa malabalawo, osati pa thabwa, ndipo phazi lake lizilingana ndendende ndi pamwamba pa tebulo. Likatsika, nsalu imakodwa potuluka. Likakwera, imakodwa polowa. Yendetsani chala podutsa pamalire, musamve chitunda. Kumbuyo semani malo a mahinjesi awiri, komanso boolani poika kamtengo kotsamirapo mutu mukaugoneka chagada. Monse mwadulamo pakani vanishi kuti oyilo asalowe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Bowo likachepa, mbale ya oyilo ikakana kulowa, amisiri ena amangoitaya n'kuuza mwini wake kuti azidontheza oyilo ndi kabotolo ngati pa makina a kunyumba. Ayi ndithu. Makina awa ali ndi pampu yomwe imayamwa oyilo m'mbalemo n'kumukweza kuzitsulo zam'kati, komwe kabotolo sikafika. Popanda mbale amasokabe bwinobwino poyamba, ndipo apa mpomwe anthu amanyengekera. Kenako mutu uyamba kutentha, gudumu lilimba potembenuza ndi dzanja, mapeto ake shafiti igwirana ndi mabushi ake. Tebulo lopendekeka limabweretsa zofananazo mwakachetechete: oyilo amathawira mbali imodzi, mizere ya HIGH ndi LOW ya m'mbale imakunamizani, pampu n'kumayamwa mpweya. Ikani levulo pa tebulo mbali zonse ziwiri. Pamwamba pa mutu pali kagalasi koonerapo oyilo. Makina akamathamanga kwambiri, oyilo azioneka akuthovoka m'menemo. Ngati sakuoneka, zimitsani makina nthawi yomweyo. Musati ndimalize kaye oda iyi.

Mota imamangidwa ndi mabauti atatu odutsa thabwa lonse, okhala ndi mawashala akuluakulu. Masikuluu a matabwa amazuka ndi kunjenjemera. Musanaboole, khazikani mutu m'malo mwake, mutsitse chingwe kuchokera pa mpata wa lamba wa gudumu, pule ya mota ikhale pa mzere womwewo. Mpata wodutsa lamba m'thabwa ukhale wautali mokwanira kuti asakhule ngakhale mutu utagonekedwa. Lamba mukamudina pakati ndi chala azilowa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Womangitsa amadya maberingi, wolekerera amaterereka.

Miyendo ikhale yachitsulo, yolumikizidwa ndi chitsulo chopingasa kumbuyo ndi china pansi chonyamula chopondera. Msinkhu wa masentimita 75 mpaka 78 umakwanira anthu ambiri, koma boolani mabowo angapo kuti muzitha kukweza kapena kutsitsa. Kumanja kunsi kwa thabwa musaikeko dilowa kapena chitsulo chopingasa, chifukwa bondo limafuna malo okankhira chokwezera phazi lopanira nsalu.

Za magetsi musapatse aliyense amene wangogwira pulayala. Miyendo ndi yachitsulo, mota ndi yachitsulo, wosoka wapondapo tsiku lonse, nthawi zina wopanda nsapato, choncho waya wa earth ndi wofunika ndipo mawaya amangiriridwe kutali ndi lamba. Gudumu lizizungulira chobwera kwa wosoka. Likamapita kumbuyo, ulusi umapiringizana nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti mota ya kilachi imazungulirabe kwa kanthawi mutazimitsa, ndiye musanagoneke mutu kapena kugwira singano, dikirani ithe kulira.