Apilo si mlandu watsopano

Ndatopa nawo mawu akuti "musadandaule, tichita apilo." Anthu amawanena potuluka m'khoti ngati kuti kubwalo lapamwamba akukayambanso nkhani yonse pachiyambi. Ayi ndithu. Oweruza a apilo amawerenga zimene zinalembedwa kubwalo loyamba, n'kuona ngati lamulo linaphonyedwa kapena chigamulo chinasemphana ndi umboni umene unaperekedwa. Mapu a saveya amene munawasiya m'sutikesi, agogo amene anaona bikoni ikuzikidwa koma simunawaitane, zoterezi sizilandiridwa chisawawa pa apilo.

Nthawinso sidikira munthu. Ngati chigamulo chachokera ku High Court ndipo mukufuna kupita ku Supreme Court of Appeal, pa mlandu ngati wa malire muli ndi masabata 6 okha. Chikakhala chigamulo cha pakatikati pa mlandu, ndi masiku 14.

Pali mayi wina wamasiye wa mu Blantyre amene nkhani yake imandipwetekabe mumtima. Neba wake anamanga mpanda wa njerwa n'kutseka ngalande imene madzi ankadutsa kuyambira kale. Mvula ikagwa, madzi ankabwerera mpaka pakhonde, ndipo khoma la kuchipinda linayamba kufumbutuka m'munsi. Atapita kukhoti, mlandu unawagwa mayiwo chifukwa analibe zithunzi, ngakhale kalata ya akhonsolo. Atatuluka anakumana ndi dobadoba amene anawauza kuti amadziwana ndi akuluakulu a kukhoti. Ndalama anatenga, pepala silinalowe ndi limodzi lomwe. Pomwe ankafika kwa ine n'kuti papita miyezi. Khoti limatha kuwonjezera nthawi, koma limafuna chifukwa chomveka, ndipo mayiwo analibe ngakhale lisiti losonyeza kuti anayesapo. Chonsecho nkhani yawo inali yabwino.

Madobadoba amenewa akusaukitsa anthu. Aliyense wokuuzani kuti "apilo yalowa" akuonetseni pepala lokhala ndi chidindo cha khoti ndi deti lake. Ngati mukumukayikira, funsani ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ngati ali ndi chiphaso cha uloya. Opanda ndalama apite ku Legal Aid Bureau, ofesi yothandiza anthu osauka pa milandu, sabata yomweyo, osati mvula ikayambanso.

Dziwaninso kuti apilo payokha siimitsa chigamulo. Ngati khoti linati mpanda wanu ugwe, pemphani padera kuti chigamulocho chiyambe chaima, apo ayi adzaugwetsa apilo isanamvedwe. Ndipo chonde, musakazule bikoni kapena kuboola mpanda wa neba usiku kuti madzi adutse. Mukatero mwadziitanira mlandu wina wa kupolisi, wowononga katundu, uku wa malire uja ukadalipo.