Mwana asamaumitsidwe thupi pofuna kukwana pa sikelo

Masewera ogwetsana, nkhonya, judo ndi ena otere amagawa opikisana molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo cholinga chake n'chabwino, chifukwa mwana wa makilogalamu 35 sayenera kukumana ndi mnzake wa makilogalamu 50 amene angamuvulaze. Vuto limayamba pamene mphunzitsi wa masewera kapena kholo laona kuti mwana akangotsika ndi makilogalamu awiri, alowa m'gulu la ocheperako thupi kumene angapambane mosavuta. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu masewera ogwetsana sanazike mizu ngati mpira, ndipo achinyamata athu amadziwa kwambiri nkhonya, koma kulikonse kumene kuli sikelo chiyeso chimenechi chimakhalapo. Monga wogwira ntchito yosamalira umoyo wa ana, ndikufuna makolo ndi aphunzitsi amvetse chimene chimachoka m'thupi la mwana pamene sikelo yatsika m'masiku awiri okha.

Chimene chimachokacho ndi madzi. Kuti thupi lithetse kilogalamu imodzi ya mafuta pamafunika makalori (muyeso wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700, pomwe mwana wa zaka 12 amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, choncho ngakhale atagona ndi njala masiku awiri, mafuta amene angathe safika kilogalamu imodzi. N'chifukwa chake njira zonse zotsitsira sikelo mwamsanga zimalimbana ndi madzi: kumuletsa mwana kumwa, kumumana chakudya, kumuveka majumbo m'kati mwa juzi n'kumuthamangitsa kuti atuluke thukuta, kumuuza kuti azilavula malovu, ngakhalenso kumumwetsa mankhwala okodzetsa kapena otsekula m'mimba.

Madzi akachepa, magazi nawonso amachepa, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti okhalapowo afike ku minofu ndi ku ubongo. Thukuta limaziziritsa thupi pokhapokha likamauma pakhungu, koma pulasitiki imalitsekera, motero kutentha kumangokwera m'kati ngakhale kunja kukhale kozizira ngati mmene kumakhalira pa Dedza mu June ndi July. Kuzizirako kumachepetsanso ludzu, moti mwana akhoza kuuma thupi osadandaula. Mchere wa m'magazi umene umathandiza kuti mtima ugunde mwadongosolo umasokonekera, ndipo impso zimavutika kusefa zoipa chifukwa magazi ofika kumeneko achepa. Munthu akataya madzi okwana 2 peresenti ya kulemera kwake, mphamvu ndi changu cha maganizo zimayamba kutsika. Mwana wa makilogalamu 40 akataya makilogalamu awiri ndiye kuti wataya 5 peresenti, ndipo umenewu ndi mlingo umene kuchipatala timadera nawo nkhawa mwana wotsekula m'mimba. Mayi aliyense akaona maso a mwana alowa m'kati ndi milomo yauma amathamangira Thanzi, ndipo n'zondipweteka mtima kuti zizindikiro zomwezo tikaziona pa mwana wamasewera tizizitcha kulimba mtima.

Dziko la America linaphunzira zimenezi mowawa. Pakati pa November ndi December 1997, anyamata atatu ochita masewera ogwetsana m'mayunivesite a Campbell, Wisconsin-La Crosse ndi Michigan anamwalira akuyesa kutsitsa sikelo mpikisano usanachitike. Anali a zaka 19, 22 ndi 21, amphamvu zawo, ndipo onse anali atachepetsa kudya ndi kumwa uku akuchita masewera olimbitsa thupi pamalo otentha atavala zovala zosatulutsa mpweya. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewera m'mayunivesite a dzikolo, linaletsa zovala zoterezi, zipinda zotenthetsa ndi mankhwala okodzetsa, ndipo linasendeza nthawi yopima kulemera kuti iyandikane ndi nthawi ya mpikisano, kuti wina asaumitse thupi podalira kuti adzamwa madzi usiku wonse. M'masukulu a sekondale a kumeneko, wophunzira amayamba wapimidwa mkodzo kuti aone ngati ali ndi madzi okwanira, kenaka amamuikira mlingo wotsikitsitsa umene angapikisanepo, woti mafuta a m'thupi asachepere 7 peresenti kwa anyamata ndi 12 peresenti kwa atsikana, ndipo saloledwa kutsika kupitirira 1.5 peresenti pa sabata. Kwa mwana wa makilogalamu 40 uja, amenewa ndi magalamu 600 okha pa sabata yonse.

Malamulo amenewa analembedwera achinyamata amene ambiri mwa iwo anakula akudya mokwanira. Ana athu ambiri sanakule choncho. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo ana amenewo ndi omwe lero ali pa msinkhu wolowa m'makalabu a masewera. Nthawi yotha msinkhu ndi pamene thupi limakulanso mofulumira ndi kumanga mafupa amene munthu adzayenda nawo moyo wake wonse, choncho kumumana mwana chakudya pa nthawi imeneyi, makamaka amene wangodzuka kumene ku malungo kapena ali ndi magazi ochepa, n'kumulanda mwayi wokula umene sudzabweranso. Kwa atsikana, kudya moperewera pamene akuchita masewera olemetsa kungaimitse msambo ndi kufooketsa mafupa. Palinso bala la m'maganizo: mwana amene waphunzitsidwa kuopa nsima chifukwa cha sikelo akhoza kukula akudzimana kapena kudzisanzitsa, ndipo matenda amenewa savomera msanga mankhwala.

Maganizo anga ndi akuti mwana amene akukulabe azipikisana pa kulemera kumene ali nako, ndipo akakula n'kupitirira gulu lake, akwere gulu lotsatira popanda kumuchititsa manyazi. Okonza mipikisano ya ana azipima kulemera tsiku lomwelo, patatsala nthawi yochepa kuti masewera ayambe, ndipo wopitirira pang'ono asamubweze kunyumba koma amupezere mnzake wofanana naye. Ngati mwana alidi wonenepa kwambiri, apite naye kuchipatala kuti akamupime, ndipo kutsikako kuchitike pang'onopang'ono pochepetsa zakumwa zotsekemera, chipisi ndi mandasi, pomwe nsima kapena mbatata, nyemba, usipa, mazira, ndiwo zamasamba zotendera ndi zipatso zikupitirira kupezeka m'mbale yake monga mmene magulu asanu ndi limodzi a zakudya amanenera.

Kholo lingadziwe zambiri pongofunsa mtundu wa mkodzo wa mwana, chifukwa woyera kapena wachikasu pang'ono umasonyeza kuti madzi alimo okwanira. Mwana akayamba kumva chizungulire, mutu kapena kukokana kwa minofu pa nthawi yokonzekera mpikisano, aleke pomwepo, mumuvule zovala zokhuthala, mumukhazike pamthunzi, mumuthire madzi ozizira, ndipo ngati akutha kumeza mumumwetse Thanzi pang'onopang'ono. Akamayankhula zosokonekera, akakomoka, akasiya kukodza kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukafika muwauze achipatala zonse zimene mwanayo anachita ndi mankhwala alionse amene anamwa pofuna kutsitsa sikelo.