Kalata Ikati "Mwapata Sikolashipu", Werengani Mpaka Pansi

Miyezi ya Malichi ndi Epulo ikafika, ndimalandira makolo ndi ana awo atanyamula makalata ochokera ku mayunivesite a ku America. Ntchito yanga ndi yolangiza achinyamata ofuna maphunziro apamwamba, ndipo nyengo imeneyi ndi imene ndimaona chimwemwe ndi misozi tsiku limodzi. Chaka china kunabwera mayi wina ndi mwana wawo wamkazi. Kalata anaikulunga m'pulasitiki kuti isade, ndipo kutchalitchi anali atalengeza kale kuti mwana wapata sikolashipu. Titakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsera, tinapeza kuti ndalama zolonjezedwazo sizinkafika ngakhale theka la zofunika pa chaka. Mayi aja anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti, "Nanga sikolashipu imene akunenayi ndi chiyani?"

Ku America, thandizo la ndalama kwa wophunzira wa digiri yoyamba lili mitundu iwiri. Lina limaperekedwa poyang'ana kusowa kwa banja, lomwe iwo amati need-based aid. Lina limaperekedwa poyang'ana kukhoza kwa mwana m'kalasi, pa masewero kapena pa luso lina, ndipo limeneli ndi lomwe amati merit aid. Ife tinazolowera kuti mwana wanzeru ndi amene amapatsidwa basale, choncho tikamva za thandizo la okhoza bwino timaganiza kuti ndiye lenilenilo. Koma nthawi zambiri, kwa mwana wochokera m'banja losauka, lalikulu ndi loyambalo.

Taonani mayunivesite asanu ndi atatu a gulu la Ivy League, monga Harvard, Yale ndi Princeton. Onsewa sapereka ngakhale tambala chifukwa cha kukhoza bwino. Yunivesite ya MIT nayonso chimodzimodzi. Iwo amati aliyense amene tamutenga ndi wokhoza kale, ndiye chotsala n'kuona kuti makolo ake angathe zingati. Ku Harvard fizi, chakudya ndi malo ogona zimaposa madola 80,000 pa chaka, koma mu 2025 yunivesiteyi inalengeza kuti mabanja opeza madola 100,000 kapena kucheperapo pa chaka sadzilipira kanthu. Vuto la kumeneko n'kulowa, chifukwa ofunsira malo ndi ochuluka kwambiri.

Nanga thandizo la okhoza bwino limachokera kuti? Kawirikawiri limachokera ku mayunivesite amene akulimbirana ophunzira abwino. Apa ndi pamene ndimapempha makolo kuti amvetsere. Yunivesite ikalemba kuti yakupatsani madola 25,000, sikuti yatenga ndalama n'kukuikirani m'manja. Yangotsitsa mtengo, ngati wamalonda pamsika amene wakuchotserani pang'ono kuti musapite kwa mnzake. Tiyerekeze kuti zonse pa chaka ndi madola 60,000. Ndiye kuti banja liyenera kupeza 35,000, chaka ndi chaka kwa zaka zinayi, osawerengera ndege. Ndipo yunivesite situlutsa chikalata cha I-20, chomwe mwana amafunsira viza, ngati simunaonetse umboni woti ndalama za chaka choyamba zilipo. Si chinyengo ayi, koma mawu oti sikolashipu amaphimba zambiri, ndipo ndimadandaula kuti makalata ena amalembedwa mokometsera mpaka kholo kulephera kuona ngongole imene ili kutsogolo.

Palinso zoyenera kukwaniritsa kuti thandizo lipitirire. Boma la chigawo cha Georgia ku America linayambitsa HOPE Scholarship mu 1993, pa nthawi ya bwanamkubwa Zell Miller, pogwiritsa ntchito ndalama za lotale. Mwana wa m'deralo amafunika kukhoza ndi avereji ya 3.0 (yapamwamba kwambiri ndi 4.0), ndipo akatsika ali ku yunivesite thandizo limaduka. Masikolashipu ambiri a mtundu umenewu amayenda motero. Mwana amene wasankha uinjiniya kapena sayansi, komwe chaka choyamba chimakhala chowawa, ndi amene ali pangozi yaikulu. Alipo masikolashipu ochepa olipira zonse, monga Morehead-Cain ku University of North Carolina ku Chapel Hill, koma amenewa n'ngosowa ngati madzi a m'chilimwe.

Tsopano ndifike pa chimene chili pamtima panga, chomwe makolo ambiri sachidziwa n'komwe: ndalama zoti wophunzira wa digiri yoyamba achitire kafukufuku.

Kale anthu ankakhulupirira kuti kafukufuku ndi wa amene akuchita masitazi ndi udokotala wa zamaphunziro (PhD) basi. Mu 1969, mphunzitsi wachitsikana wa ku MIT, Margaret MacVicar, anayambitsa ndondomeko yotchedwa UROP, yolola wophunzira ngakhale wa chaka choyamba kugwira ntchito mu labotale limodzi ndi pulofesa. Amatha kulandira malipiro pa ola kapena kupatsidwa malikisi owerengedwa pa digiri yake. Lero ophunzira oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse a ku MIT amadutsamo asanamalize. Yunivesite ya Caltech inayambitsa yake, SURF, mu 1979. Kumeneko wophunzira amapeza kaye womuyang'anira, n'kulemba yekha chimene akufuna kufufuza, ndipo akavomerezedwa amagwira ntchito masabata khumi a tchuthi akulandira ndalama zodzisamalira. Pomaliza amaima pamaso pa anthu n'kufotokoza zimene wapeza.

Musayembekezere kuti ndalama zimenezi zilipira fizi. Ndi zoti mwana adye, alipire chipinda, asakakamizike kukatsuka mbale tchuthi chonse pamene anzake akuphunzira kugwiritsa ntchito makina oyezera. Phindu lake lenileni limaoneka pambuyo. Pulofesa amene wakhala nawe miyezi ingapo, wakuona ukulakwitsa, ukubwereza, ukufika m'mamawa kudzaona ngati zoyesa zako zatheka, amalemba kalata yokuchitira umboni yosiyana kwambiri ndi ya mphunzitsi amene anangokuona m'kalasi la anthu mazana atatu. Ndipo ku America, maphunziro a PhD ya sayansi nthawi zambiri yunivesite ndi imene imalipira, n'kumapatsanso wophunzira kangachepe mwezi ndi mwezi. Chimene amayang'ana posankha ndi kalata ija ndi umboni woti munthu anachitapo kafukufuku.

Pali mpanda umene ana athu ayenera kuudziwa msanga. Goldwater Scholarship, yomwe nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa mu 1986 ndipo imapereka mpaka madola 7,500 pa chaka kwa ophunzira sayansi, masamu ndi uinjiniya, ndi ya nzika ndi okhazikika m'dzikomo okha. Ndondomeko ya REU ya bungwe la boma la National Science Foundation, yothandiza ophunzira a digiri yoyamba kuchita kafukufuku, yomwe inayamba mu 1987, nayonso ili ndi lamulo lomwelo. Ndaonapo mnyamata atataya masabata akukonza mafomu amene sakanaloledwa n'komwe. Mwana wochokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique ayang'ane ndalama za yunivesite yakeyo, za dipatimenti yake, kapena za pulofesa amene ali ndi thumba lake la kafukufuku. Viza ya ophunzira, yotchedwa F-1, imalola kugwira ntchito pasukulupo mpaka maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo ntchito ya mu labotale imalowa m'menemo.

Chimene chimalepheretsa ana athu ambiri si nzeru, koma ulemu umene tinawaphunzitsa. Amaopa kugogoda pakhomo pa wamkulu asanaitanidwe. Kumeneko pulofesa saitana. Amadikira wofuna abwere. Mtsikana uja anasiya yunivesite ya kalata ya m'pulasitiki n'kudikira chaka china, ndipo anapeza malo ku koleji yaing'ono yopereka thandizo poyang'ana kusowa kwa banja. Asananyamuke tinakhala pansi kulemba imelo ya mizere isanu yopita kwa mphunzitsi wa kemisitiri wa kumeneko: dzina lake, kalasi yake, pepala la mphunzitsiyo limene anawerenga, funso limodzi lochokera m'pepalalo, ndi pempho loti akafika adzaonane kwa mphindi khumi. Anaiwerenga katatu, dzanja likunjenjemera, kenako anaitumiza. Yankho linabwera m'mawa mwake, lomuuza nambala ya chipinda ndi tsiku loti apite.