Zimene Edinburgh imaphunzitsa mlembi wa nkhani za upandu

Alembi achinyamata amene ndimawathandiza kuno ku Kasungu amakonda kundifunsa chimene ndinatola ku Edinburgh, kumene ndinakaphunzira kalembedwe ka nkhani zopeka za upandu, zija zimene wowerenga amasaka wolakwa pamodzi ndi wapolisi wofufuza. Likulu la Scotland limeneli si lachilendo kwa ife, pakuti ndi kumene Dr. Hastings Kamuzu Banda anamalizira maphunziro a udokotala mu 1941. Yankho langa limakhala lakuti mlandu wa m'nkhani uyenera kumera m'nthaka ya malo amene wachitikira.

Mu 1828 William Burke ndi William Hare anapha anthu 16 mumzindamo n'kumagulitsa mitembo yawo kwa Dr. Robert Knox, mphunzitsi wa za m'thupi la munthu. Chiwembucho chinatheka chifukwa ophunzira udokotala ankasowa mitembo yophunzirira, komanso amphawi okhala m'tinjira topanikizana ta Old Town, chigawo chakale cha mzindawo, ankatha kuzimirira popanda wowafunsa. Ndinayenda m'tinjirato nyengo yachisanu, pamene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ndinaona kuti mdima, umphawi ndi msika wa mitembo zinali mbali ya mlanduwo.

Phunziro lina ndi la maso. Mlembi Arthur Conan Doyle, amene anabadwira mumzindamo mu 1859, anaumba Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake, potengera mphunzitsi wake Joseph Bell, dokotala amene ankazindikira ntchito ya wodwala pongoona manja ndi kayendedwe kake. Chizindikiro choulula wolakwa chiyenera kuikidwa poyera chotero, kuti wowerenga achione koma achinyalanyaze. Kumubisira umboni mpaka tsamba lomaliza ndimakuyesa chinyengo.

Chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri amandibweretsera nkhani za mfuti ndi galimoto zothamangitsana, ngati za m'mafilimu, pamene mabelo a fodya osowa pa ulendo wa ku msika wa fodya wa Chinkhoma ndi mlandu wokwanira buku lonse. M'mlandu umenewu muli tenanti amene ngongole yamudya, mwini esiteti, dalaivala wa lole, ndiponso njira zachidule zolowera ku Zambia. Wofufuza wanu sadzasowa mboni, chifukwa kumudzi aliyense amaona. Chovuta chake n'chakuti mboniyo ndi mlamu wa wakubayo, ndipo nyakwawa ingakonde kuti nkhaniyo ithere pabwalo isanafike kupolisi.