Zakudya za ku Asia pa mbaula ya kwanu

Ndikamaphunzitsa anthu kuphika zakudya za ku China kapena ku Indonesia, funso loyamba limakhala la zokometsera: "Nanga zimenezi tikazigula kuti?" Ndimawauza kuti botolo limodzi la soya sosi, adyo, jinja ndi anyezi ndi zokwanira poyambira. Chimene chimagwetsa ambiri ndi chizolowezi cha dzanja. Tinakula tikuona ndiwo zikubwata mpaka matimati asungunuke, nyama ifewe, msuzi uchuluke woti n'kusunsira nsima. Mu wok, chiwaya chakuya cha ku China chija, chakudya chimakhala pamoto mphindi zitatu kapena zinayi basi, ndipo ntchito yaikulu imatha chiwaya chisanafike n'komwe pamoto.

Choncho dulani zonse kaye, tizidutswa tating'ono tofanana kukula, n'kuziika m'timbale pafupi ndi moto. Adyo akangogwera m'mafuta, nthawi yosenda karoti palibenso.

Kenako moto. Apa amene amaphikira makala ali ndi mwayi, chifukwa mbaula yoyaka bwino imatentha kwambiri kuposa kuka zambiri za magetsi. Wok ngati mulibe, chiwaya chachitsulo chotakata chimagwira ntchito. Chitenthe mpaka dontho la madzi likagwerapo lithetheke n'kuuma nthawi yomweyo, ndiye muthire mafuta. Anthu a ku Guangdong, kumwera kwa China, ndi ku Hong Kong ali ndi dzina la kafungo kowauka pang'ono kamene chakudya chimatenga pamoto wotere: wok hei, kutanthauza mpweya wa chiwaya. Kafungoka simungakapeze mukadzaza chiwaya. Masamba ndi nyama zimatulutsa madzi, chitsulo chimazizira, ndipo zimene mumafuna kukazinga zimayamba kuwira. Ngati pakhomo muli anthu asanu ndi mmodzi, phikani kawiri. Zimaoneka ngati chintchito, koma ulendo uliwonse ndi wa mphindi zochepa.

Yambani ndi mazira a matimati, chakudya cha tsiku ndi tsiku m'makomo a ku China. Mudzanena kuti kwathu kuno timaphika kale, inde, koma ife timaswera mazira m'matimati n'kumatakasa mpaka ziume. Iwo amasiyanitsa. Menyani mazira atatu ndi kamchere, muwathire m'mafuta otentha okwana masupuni awiri, atukuke kwa theka la mphindi, muwachotse akadali ofewa. M'chiwaya chomwecho ikani matimati atatu akupsa odula zigawo zikuluzikulu, mchere ndi theka la supuni yaing'ono ya shuga wochepetsa kuwawasa. Akayamba kutulutsa madzi koma asanasungunuke, bwezerani mazira aja, tembenuzani kawiri katatu, wazani masamba a anyezi, phulani. Mazira amamwa msuzi wa matimati ngati thonje.

Mpunga wokazinga ndi umene anthu amaufuna kwambiri, ndiponso ndi umene amauwononga kwambiri. Mpunga wongophulidwa kumene umakhala ndi chinyezi, ndipo ukalowa m'chiwaya umamatana ngati phala. Ukazizira, sitachi wake amalimba, njere iliyonse imaima payokha. Kilombero wa ku Karonga amachita bwino chifukwa cha fungo lake, bola muchepetseko madzi pophika.

Pali chenjezo limene sindilidumpha. Mu mpunga mumatha kukhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, timene mbewu zake sizifa pophika. Mpunga ukagona mumphika pamalo ofunda, timachulukana n'kutulutsa poizoni wosanzitsa amene kukazinga sikumuchotsa. Ngati muli ndi firiji, uyaleni uzizire msanga, ulowe mufiriji ola lisanathe, ndipo muugwiritse ntchito mawa lake. Ngati mulibe, musaugoneke. Phikani tsiku lomwelo, yalani m'mbale yotakata kuti nthunzi ituluke kwa theka la ola, ndiye mukazinge.

Pa makapu awiri a mpunga wophika, kazingani mazira awiri n'kuwaika pambali. Onjezani mafuta, ikani adyo ndi jinja wosinja kwa kanthawi kochepa kwambiri, asapserere chifukwa adyo wopserera amawawa. Ponyani karoti ndi zitheba zodula tizing'onoting'ono, ndiye mpunga, mukuphwanya zibuluma ndi msana wa chipande. Usiyeni ukhudze chitsulo pang'ono musanautembenuze. Mukamva ukuthetheka ndiye kuti zikuyenda. Supuni imodzi ya soya sosi muithire m'mbali mwa chiwaya kuti ipse pang'ono isanafike pa mpunga. Bwezerani mazira. Mpunga wotchuka wa mumzinda wa Yangzhou ku China amauphika motere, kungoti amawonjezera nkhanu zazing'ono za m'madzi ndi nyama ya nkhumba. Ku Indonesia mpunga wokazinga amautcha nasi goreng ndipo amathira kecap manis, soya sosi wotsekemera wokhathamira. Mutha kumuyerekeza powiritsa soya sosi ndi shuga wofiirira muyezo wofanana mpaka zigwirane ngati uchi. Ku Malaysia amawaza pamwamba tinsomba touma totchedwa ikan bilis. Usipa wochotsa mitu, wokazinga mpaka ukhale khirichikhirichi, umakhala m'malo mwake popanda wodandaula.

Za soya sosiyo ndinenepo pang'ono, poti ndiye chinthu chokha chachilendo chimene ndikukugulitsani. Weniweni amapangidwa ndi soya, tirigu, mchere ndi madzi, n'kusasitsidwa miyezi ingapo ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus oryzae. Werengani pabotolo: mukaona mndandanda wautali wa mankhwala ndi utoto, ameneyo ndi wachangu, ndipo amangomveka mchere. Kukoma kwa wosasitsidwa kumachokera ku glutamate, chinthu chimene katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anachipeza mu ndere za m'nyanja mu 1908 n'kutcha kukomako umami. Matimati akupsa alinso nacho, n'chifukwa chake mazira aja amakoma popanda sosi aliyense. Koma mchere ulimo wambiri. Supuni yaikulu imodzi ili ndi pafupifupi theka la magalamu 5 a mchere amene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire patsiku. Mukathira sosi, mchere wina usalowenso, makamaka ngati pakhomo pali wodwala BP.

Nyama imafuna kachinsinsi kamodzi. Iduleni yopyapyala mopingasa mitsempha yake. Pa magalamu 250 a ng'ombe kapena chidali cha nkhuku, sakanizani supuni ya soya sosi, supuni yaing'ono ya konifulawa (sitachi wa chimanga, osati ufa wa nsima), supuni ya mafuta ndi kasoda kotapa ndi nsonga ya supuni, zikhale mphindi 20. Soda amafewetsa, konifulawa amakuta nyama kuti madzi ake asathawe. Soda akachuluka nyama imamveka sopo, ndiye dzanja lisalemere. Iyaleni m'chiwaya chotentha, musaigwedeze kwa mphindi imodzi, tembenuzani, chotsani. Kazingani anyezi ndi girinipepa, bwezerani nyama, mwatha.

Chainizi, amene dzina lake lomwe likunena kwawo, timamuzunza kwambiri. Mapesi alowe poyamba pamodzi ndi adyo, masamba atsatire patapita mphindi imodzi, ndipo aphulidwe akadali obiriwira, akumveka pansi pa dzino. Matimati apume tsiku limenelo.

Ophunzira a m'makoleji amandifunsa za manudozi a m'mapaketi, amene Momofuku Ando anayamba kugulitsa ku Japan mu 1958. Sindiwanyoza, koma kapaketi ka zokometsera kaja muthire theka lokha kapena mukasiye. Sungunulani masupuni awiri a chiponde ndi madzi otentha, supuni ya soya sosi, madzi a ndimu, kashuga ndi kambuzi mmodzi wosinja. Msuzi wa mtedza wotere ndi wachibale wa umene ku Indonesia amathira pa chakudya cha masamba chotchedwa gado-gado, ndipo lilime lozolowera ndiwo zotendera siliudabwa. Wiritsani manudozi mphindi ziwiri, khetsani madzi, sakanizani ndi msuziwo pamodzi ndi kabichi wodula mopyapyala. Ukalimba, onjezani supuni ya madzi amene munawiritsira manudozi aja.