Mwendo wokungika suwongoka chifukwa mwana wakula

"Musadandaule, akamakula adzawongoka." Mawu amenewa ndawamva kwa agogo, kwa amalume, kwa anansi, mwinanso kwa anzathu ena a zaumoyo amene anayenera kudziwa bwino. Pa ntchito yanga ya mafizo a ana, palibe mawu amene achedwetsa makolo kubwera kuchipatala ngati amenewa. Ndatopa kuwatsutsa m'chipinda chopimira mwana mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano.

Mnofu umene umayendetsa fupa ndi mtolo wa timaulusi tosaoneka ndi maso. Kaulusi kalikonse ndi selo imodzi, koma selo yachilendo. Maselo ambiri a m'thupi ali ndi nyukiliyasi imodzi, kachinthu kamene kamasunga malangizo opangira zonse za m'selomo. Kaulusi ka mnofu kali ndi manyukiliyasi mazanamazana, ngakhale masauzande, chifukwa kanapangidwa ndi maselo ambiri amene analumikizana mwana ali m'mimba. Chiwerengero cha timaulusiti chimakhala chitatsala pang'ono kukwana pamene mwana akubadwa. Mnyamata wa zaka 18 wonyamula thumba la chimanga alibe timaulusi tochuluka kwambiri kuposa timene anali nato ali kumsana kwa amake. Ndi tomwe tija, koma tatalika ndipo tanenepa katatu kapena kanayi.

Nanga kaulusi kakatalika ndi kunenepa chonchi, akayang'anira ndani? Nyukiliyasi iliyonse ili ngati nyakwawa, ili ndi dera lake. Deralo limakula ndithu pamene mwana akukula, koma mudzi ukafutukuka kwambiri pamafunika anyakwawa ena. Vuto n'lakuti manyukiliyasi amene ali kale mkati mwa kaulusi sagawikana. Atsopano amachokera ku timaselo tina tokhala m'mphepete mwa kaulusi, totchedwa satellite, timene Alexander Mauro anatifotokoza mu 1961 ataona mnofu wa chule. Timeneti timagawikana, kenako timalowa m'kaulusi n'kupereka nyukiliyasi. Pa ubwana ntchito imeneyi imachitika mwakathithi. Munthu akakula timakhala phee, kudikira tsiku limene mnofu udzavulale.

Tsono apa ndi pamene agogo amalakwitsa. Fupa limatalika palokha, kuchokera ku chichereŵechereŵe cha kumapeto kwake. Silifunsa mnofu ngati wakonzeka. Mnofu ndi umene umatsatira. Mkati mwa kaulusi muli tizigawo tondondozana ngati mfundo za nzimbe, totchedwa sarcomere, ndipo kaulusi kamatalika powonjezera mfundo zatsopano, makamaka kumapeto kwake. Chimene chimakauza kuti kawonjezere ndi kukokedwa: fupa likatalika, mwana akathamanga, akanjuta, akaponda chidendene pansi. Mnofu wosungidwa uli wofupika umachita zosiyana, umachotsa mfundo. Mu 1972 akatswiri a ku France anamanga mwendo wa mphaka m'chikhakha mnofu uli wofupika, ndipo patapita milungu yochepa mfundo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zinali zitachoka.

Ganizirani tsopano mwana amene ubongo wake unavulala: anabanika pobadwa, anadwala chikasu choopsa ali wakhanda, matenda oumitsa khosi, kapena malungo a mu ubongo. Minofu yake ina imakhala yokungika usana ndi usiku ndipo saigwiritsa ntchito mokwanira. Ofufuza anapezanso kuti m'minofu yofupika ya ana a cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo kotereku, timaselo ta satellite tija timakhala tochepa kuposa mwa ana ena. Fupa likupita, mnofu ukutsalira. Chaka chilichonse mpata ukukula. Kukula kumene mukudikira kuti kumuwongole ndi komwe kukumupinda, ndipo kumapinda kwambiri pa nthawi imene mwana akutha msinkhu, pamene amatalika mofulumira.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Ndinamuona koyamba ali ndi zaka zitatu, atachira malungo a mu ubongo. Ankayenda, inde, koma ndi zala za kumapazi. Ndikagwira phazi n'kulikankha pang'onopang'ono, chidendene chinkafika pansi. Ndinauza amake kuti tiyambe mafizo, timupimire zothandizira mapazi, abwere mwezi wamawa. Sanabwere. Ndinadzamuonanso ali ndi zaka 11, atamubereka bambo ake. Mawondo anali atapindika, zidendene zili m'mwamba, zolimba ngati mtengo. Kuyambira m'chiuno mpaka m'akakolo munali zipsera za mphini, zakale ndi zatsopano. Mbuzi zinapita, ndalama za fodya zinapita. Amake anati kwawo anawauza kuti mwana wawoloka mankhwala panjira, ndipo ena anati angodikira, adzawongoka. Sindiwada mayi aja. Ulendo wa kuchipatala unali wautali, thiransipoti inali yodula, ndipo mwina ineyo sindinawafotokozere momveka chimene chidzachitike akapanda kubwera. Ndinangoti "mudzabwerenso" ngati kuti ndi nkhani ya sikelo.

Za mphinizi ndinene mosapsatira. Lumo silifika pa ubongo pamene panayambira vuto, ndipo siliwonjezera mfundo ngakhale imodzi m'kaulusi. Limangotsegula khomo la kafumbata ndi zilonda. Mafuta opaka ogulitsidwa m'basi ndi pa WhatsApp, oti "amafewetsa mitsempha", amafewetsa khungu basi. Oopsa kwambiri ndi aja owongola ndi mphamvu, wina atagwira ntchafu wina akukoka phazi, mwana akulira. Mafupa a mwana amene sayenda amakhala opyapyala, amathyoka mosavuta. Onjezanipo obaya jekeseni m'makomo: singano ikalasa mtsempha waukulu wa m'thako umene umafikitsa mauthenga a ubongo ku minofu ya mwendo, phazi limalendewera, ndipo mnofu wopanda mtsempha umafota.

Nafenso sitichita zozizwitsa. Mafizo sachiza ubongo, ndipo kukoka mwendo kwa mphindi zochepa patsiku pakokha sikukwanira. Chimene timachita n'kuthandiza mnofu kuti usatsalire kwambiri: kumuimiritsa mwana, kumuseweretsa kuti agwiritse ntchito mnofuwo yekha, zothandizira mapazi, chikhakha chosinthasintha, ndipo pakafunika opaleshoni yotalikitsa mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, ngati zimene madokotala a mafupa amachita ku Beit CURE ku Blantyre. Zonsezi zimayenda bwino pamene mwendo ukadali wofewa.

Mwana amene wangoyamba kuyenda akhoza kunyang'ama masiku ena, zimenezo sizindidetsa nkhawa. Koma ngati wapitirira zaka ziwiri ndipo chidendene sichiponda pansi, ngati miyendo imapingasa ngati sizasi mukamuimiritsa, ngati dzanja limodzi limakhala lofumbata nthawi zonse, kapena mukuvutika kutambasula ntchafu pomusambitsa, pitani naye kuchipatala cha boma chapafupi sabata ino, mukapemphe kuonana ndi a mafizo.

Mnyamata uja anachitidwa opaleshoni miyendo yonse iwiri. Lero amaima ndi ndodo, ndipo kusukulu amapita pa njinga ya olumala.